Tisaisenzetse mudzi wonse wailesi ya m'galimoto

Namondwe wa Freddy ataomba chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu ambiri anazindikira kuti foni ya m'manja ili ndi malire. Magetsi anazima, misewu ndi milatho zinaduka, ndipo m'madera ena munthu amakhala ndi foni m'manja koma osatha kuimbira aliyense chifukwa batire yatha kapena netiweki yasowa. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa ndipo ena oposa 500 anasowa. Izi zinachitika patangotha chaka chimodzi namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Zoterezi zikachitika, munthu woganiza bwino amakumbukira wailesi zolankhulirana zija tinazolowera kuzitchula kuti ova-ova. Akuluakulu akukumbuka kuti mafoni a m'manja asanafale, zipatala zambiri za kumidzi zinkaitana ambulansi ku chipatala cha boma pogwiritsa ntchito wailesi yoyendera batire ndi sola. Wailesi yotere siifuna mayunitsi, siidalira nsanja ya kampani ya mafoni, ndipo mmodzi akalankhula onse amene atchera amamva nthawi imodzi.

Ine ndili mbali ya anthu amene akufuna kuti makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mipingo ndi magulu a chitetezo cha m'mudzi akhale ndi wailesi zoterezi. Koma ndili ndi chenjezo limodzi. Pali njira yachidule imene imakopa aliyense wofuna kupulumutsa ndalama, yotenga wailesi yopangidwira m'galimoto n'kukaiika paphiri kuti izigwira ntchito ya repeater. Pa tsiku loyesera imalankhula bwinobwino, anthu n'kuomba m'manja. Pa tsiku la ngozi ndi pamene imakonda kufa, ndipo chimene chimaipha ndi kutentha.

Tiyambe tamvana kaye pa mawu. Padziko lonse pali anthu amene amakonda kulumikizana pa wailesi pofuna kuphunzira ndi kuthandiza anzawo, osati kuchita malonda. Iwowa amatchedwa anthu a ham radio. Amatenga chiphaso ku boma la dziko lawo ndipo aliyense amapatsidwa dzina lomuitanira pa wailesi. La munthu wa kuno ku Malawi limayamba ndi 7Q.

Phindu la anthu amenewa limaoneka zinthu zikavuta. Pa 26 Disembala 2004, madzi a tsunami atasefukira pa zilumba za Andaman ku India, gulu la ham limene linali ku Port Blair motsogozedwa ndi mayi Bharathi Prasad linasiya zimene linapitira n'kuyamba kutumiza mauthenga a anthu ovutika. Mu Sepitembala 2017 namondwe wa Maria anazimitsa nsanja za mafoni pafupifupi 95 pa 100 zilizonse pa chilumba cha Puerto Rico, mpaka bungwe la American Red Cross linapempha thandizo la anthu a ham. Anthu amenewa ndi amenenso akhala akuyesa kwa zaka zambiri kusandutsa wailesi za m'galimoto kukhala repeater, choncho mavuto ake akuwadziwa bwino. Ife tingophunzirapo tisanataye ndalama.

Nanga repeater n'chiyani? Wailesi za m'manja ndi za m'galimoto zambiri zimagwiritsa ntchito mafunde otchedwa VHF ndi UHF. Mafunde amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo phiri likakhala pakati amatchingika. Munthu amene ali ku Thyolo ndi mnzake amene ali kumunsi ku chigwa cha Shire akhoza kukhala moyandikana pa mapu koma osamvana. Mankhwala ake ndi kuika chipangizo pamalo okwera, chimene chimamva mawu a munthu mmodzi n'kuwaulutsanso nthawi yomweyo kuti afike kutali. Chipangizo chimenecho ndiye repeater. Chili ngati mnyamata wa mfumu amene amakwera pachulu n'kumabwereza mofuula zimene mfumu yanena.

Repeater yeniyeni ndi yodula. N'chifukwa chake anthu amatenga wailesi ziwiri za m'galimoto n'kuzilumikiza ndi waya, ina yomvera, ina youlutsa. Ena amatenga wailesi imodzi ya mtundu umene umagwira VHF ndi UHF pamodzi, monga Kenwood TM-V71 kapena Yaesu FT-8800, imene imatha kumva mbali imodzi n'kuulutsa mbali inayo mukangoitchera. Pa pepala la wogulitsa pamalembedwa kuti mphamvu yake ndi ma watt 50, ndipo munthu akaona nambala imeneyi mtima umagwa pansi.

Koma pepalalo silikuuzani kuti ma watt 50 amenewo wailesi ingawatulutse kwa nthawi yaitali bwanji osapuma. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Wailesi ya m'galimoto inapangidwira dalaivala amene amalankhula pang'ono n'kumvetsera nthawi yaitali. Muyezo wakale umene makampani opanga wailesi zotere ankatsata unali woti wailesi iulutse mphindi imodzi n'kupuma mphindi zinayi. Ova-ova za m'manja amaziyeza poganiza kuti pa mphindi 100 zilizonse mwini wake alankhula mphindi 5, amva anzake mphindi 5, ndipo mphindi 90 zotsalazo wailesi ingokhala duu. Mphindi zopumazo ndi zimene zimapatsa chitsulo mpata wozizira.

Repeater ilibe mwayi umenewo chifukwa imaulutsa mawu a wina aliyense. Tiyerekeze kuti pa gulu pali anthu khumi ndipo aliyense walankhula mphindi 6 zokha pa ola. Wailesi ya munthu aliyense yapuma mphindi 54, koma repeater yaulutsa mphindi 60 zonse osalekeza. Ndi chimodzimodzi kutenga njinga ya kabaza n'kumaisenzetsa matumba a chimanga usana ndi usiku ngati lole. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ifika, koma injini siichedwa kugwira.

Tione masamu ake. Wailesi ya ma watt 50 ikamaulutsa ndi mphamvu zake zonse imakoka ma amp pafupifupi 11 pa magetsi a ma volt 13.8. Tikachulukitsa, tipeza kuti ikudya ma watt pafupifupi 150. Mwa amenewa, 50 okha ndi amene amatuluka kupita ku eriyo. Pafupifupi 100 otsalawo amasanduka kutentha m'kati mwa kabokosi kochepa ngati Baibulo la m'manja. Amene munaweta nkhuku mukudziwa kuti babu lakale la ma watt 100 limatenthetsa khola la anapiye, ndipo likayaka mphindi zochepa simungaligwire ndi dzanja. Moto umenewo ndi umene uli m'kati mwa wailesi.

Kumbuyo kapena pansi pa wailesi mumaona zipsepse za aluminiyamu zofanana ndi za pa injini ya njinga yamoto, ndipo zina zimakhala ndi kafani kakang'ono. Ntchito yake ndi kutaya kutentha. Koma kukula kwake anakuyezera munthu wolankhula mwa apo ndi apo. Mukaiulutsitsa theka la ola mosalekeza, zipsepsezo zimalephera kutaya moto umene ukubwera.

Chotsatira chake chimabwera m'njira zingapo. Wailesi zina zili ndi chitetezo choti zikatentha zimadzichepetsera zokha mphamvu, ndiye anthu a kutali amangoona kuti mawu ayamba kudukaduka. Zina transistor yomaliza, imene imapereka mphamvu ku eriyo, imapsa. Zina malo owotcherera ndi mtovu amang'aluka chifukwa chotentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku, moti wailesi imagwira m'mawa n'kusiya masana. Amisiri a zamagetsi ali ndi lamulo lodziwika lakuti tizipangizo totchedwa capacitor moyo wake umadulidwa ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Fani nayo imatha, ndipo ikaima palibe chimalira kuti mudziwe.

Choopsa kwambiri n'chakuti repeater imafa mwakachetechete. Ili paphiri, palibe woiyang'anira, ndipo nthawi zina magetsi ake a kutsogolo amakhala akuyakabe ngati zonse zili bwino pamene mbali youlutsa inapsa kale. Masiku wamba anthu amalankhulapo mwa apo ndi apo, choncho vuto silioneka. Madzi akasefukira aliyense amafuna kulankhula, wina akuitana bwato, wina akufunsa za mlatho, wina ali ndi mayi woyembekezera. Ola limenelo ndi limene repeater imaulutsa osapuma, ndipo ndi limene yopangidwa mwachidule imatha.

Tsono tionjezerepo nyengo ya kwathu. Wailesi zambiri za m'galimoto amazilembera kuti zigwire ntchito mpaka pa madigiri 60. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa pamthunzi kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Poopa akuba, repeater timaitsekera m'bokosi lachitsulo kapena m'kanyumba ka malata kopanda windo, ndipo dzuwa likaomba m'katimo mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa wailesi isanayambe n'komwe kuulutsa. Fumbi la m'chilimwe limamata pa zipsepse, mavu amamanga zisa m'mabowo olowera mphepo, nyerere ndi nalimata zimalowa kufuna kofunda, makoswe amadya mawaya. Dzinja likafika, mlongoti wa paphiri umakhala woyamba kukumana ndi mphenzi.

Batire nayo ili ndi masamu ake. Batire ya mtovu ya 100Ah siyenera kukhuthulidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti ikhalitse. Wailesi yokoka ma amp 11 itha theka limenelo m'maola osakwana asanu. Pa nthawi ya namondwe kumakhala mitambo masiku atatu kapena anayi, sola osatchaja mokwanira. Repeater imene yapulumuka ku kutentha ikhoza kuzima ndi njala ya magetsi tsiku loyamba lomwelo.

Wina anena kuti, inu a mtolankhani, mukulankhula ngati ndalama zimathothoka mumtengo. Gulu la pa trading centre lingaipeze kuti ndalama ya repeater yeniyeni? Kodi si bwino kukhala ndi yoperewera kusiyana ndi kukhala opanda kalikonse?

Funsoli ndi lomveka, ndipo sindikunena kuti wailesi ya m'galimoto singagwire ntchito imeneyi. Kampani ya Motorola inkagulitsa repeater yotchedwa GR300 imene m'kati mwake munali wailesi ziwiri za m'galimoto za GM300, koma inaziika m'bokosi lokhala ndi fani ndi chopatsira magetsi chakechake. Ngakhale pa sitima ya m'mlengalenga ya International Space Station, repeater ya ham imene inayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020 inachokera ku wailesi ya m'galimoto ya Kenwood D710GA. Koma wailesi imeneyo anaisintha mwapadera, anaipangira chopatsira magetsi chake, ndipo anaiyesa kwambiri asanaikweze. Amenewo anadziwa malire a chipangizo n'kuwakonzekera. Sanangochotsa wailesi mu katoni n'kuitchera pa mphamvu zonse.

Pa funso loti yoperewera ndi yabwino kuposa kusowa, yankho langa ndi lakuti zimatengera ngati anthu akudziwa kuti ndi yoperewera. Mudzi umene ulibe wailesi umakonzekera njira zina, monga ng'oma, wenzulo, mnyamata wa njinga ndi malo okwera okumanirana. Mudzi umene wauzidwa kuti uli ndi repeater umasiya zonsezo n'kudikira uthenga. Uthengawo ukapanda kubwera, anthu amaganiza kuti kumtunda madzi sanakwere. Chipangizo chimene anthu amachikhulupirira koma chili chakufa chimaika miyoyo pangozi kuposa kusowa kwake.

Ndiye amene alibe ndalama ya repeater yeniyeni achite zotani?

Choyamba ndi kuchepetsa mphamvu. Wailesi ya ma watt 50 ikaikidwa ngati repeater iyenera kutcheredwa pa ma watt 10, kapena 5 kumene. Kutentha sikutsika mofanana ndendende ndi nambalayo, koma kumatsika kwambiri, ndipo batire imakhalitsa. Ambiri amaopa kuti mawu safika patali. Koma kumbukirani kuti ova-ova ya m'manja imatulutsa ma watt 5 okha. Repeater yofuula ndi ma watt 50 imamveka kwa anthu amene iyo singawamve akayankha. Anthu a ham amaitchula repeater yotere kuti ng'ona, kukamwa kwakukulu koma makutu aang'ono.

Chachiwiri ndi kukweza eriyo. Pa mafunde amenewa msinkhu umaposa mphamvu. Pamalo athyathyathya, eriyo imene ili mamita 10 kuchokera pansi imafikira makilomita pafupifupi 13, pamene ya pa mamita 100 imafikira makilomita pafupifupi 40. Repeater ya m'mlengalenga ija ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, koma anthu amaifikira ndi wailesi ya m'manja chifukwa palibe chotchinga pakati. Dziko lathu Mulungu analidalitsa ndi mapiri, kuyambira Mulanje, Zomba, Dedza mpaka Viphya, ndipo pafupifupi boma lililonse lili ndi chitunda. Ndalama imene mukanagulira wailesi yamphamvu ndi bwino kugulira eriyo yabwino ndi waya wake wabwino.

Eriyo ikakhala yolakwika, kapena madzi akalowa mu waya wake, mphamvu ina imabwerera mu wailesi n'kuonjezera moto. Mmisiri aliyense wodziwa ntchito amakhala ndi mita yoyezera zimenezi yotchedwa SWR. Komanso ngati repeater ikumva ndi kuulutsa pa mafunde oyandikana, pamafunika chipangizo chotchedwa duplexer kuti mbali youlutsa isagonthetse mbali yomvera. Amene akukuuzani kuti zimenezi n'zosafunika akukupusitsani.

Chachitatu ndi mphepo ndi mthunzi. Fani yakunja, ngati zija za m'makompyuta, iziuzira pa zipsepse mwachindunji, ndipo zikhale ziwiri kuti ina ikafa inzake ipitirize. Bokosi likhale ndi mabowo pansi ndi pamwamba otchingidwa ndi sefa wa waya, lipakidwe penti yoyera ndipo likhale pamthunzi. Mlongoti ukhale ndi waya wopita pansi wotetezera mphenzi.

Chachinayi ndi mwambo wa kalankhulidwe. Wailesi zimenezi zili ndi kawotchi kamene kamadula mawu munthu akalankhula nthawi yaitali, ndipo anthu a ham ambiri amakatchera pa mphindi zitatu. Kamathandizanso wina akakhalira batani la wailesi yake mosadziwa, zimene zingaulutsitse repeater usiku wonse. Koma kawotchi sikangalowe m'malo mwa khalidwe. Pa wailesi ya ngozi si pofunsira za kunyumba ndi mitengo ya feteleza. Unene dzina, malo ndi vuto, kenaka upatse mpata mnzako.

Chachisanu, chimene ambiri sachikonda, ndi kuyesa mwankhanza. Repeater isayesedwe m'mawa wa mu Juni pamaso pa alendo olemekezeka. Iyesedwe masana a mu Okutobala, anthu alankhulane mosinthana kwa maola awiri, mmisiri ali pompo akuyeza kutentha ndi mphamvu imene ikutuluka. Ikafa tsiku limenelo, thokozani, chifukwa yafa pamene palibe amene akumira. Pakhale munthu wodziwika dzina woiyendera mwezi uliwonse, pakhale wailesi ina yapadera yosinthira, ndipo aliyense adziwe tchanelo cholankhulirana mwachindunji repeater ikazima.

Tisaiwalenso lamulo. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa mu 1998. Kugula wailesi pa intaneti kapena kutumiziridwa ndi mbale wa ku Johannesburg sikukupatsani ufulu woulutsa. Mafunde a ham ndi a anthu okhala ndi chiphaso cha ham, ndipo malamulo a padziko lonse salola kuchitirapo malonda. Kampani ya alonda, eni maminibasi kapena gulu lina lililonse liyenera kupempha tchanelo chake. Repeater yoikidwa mwachisawawa ikhoza kusokoneza anthu ena amene akupulumutsa miyoyo. Pajatu safunsa anadya phula.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukukhudzani bwanji inu amene mumagulitsa mu golosale kapena kusoka zovala pa khonde la sitolo. Zikukukhudzani chifukwa zinthu zotere zimagulidwa ndi zopereka zanu, kapena zimabwera ndi mabungwe m'dzina lanu, ndipo ndi banja lanu limene lidzadikire uthenga usiku wa mvula. Muli ndi ufulu wofunsa pa msonkhano, ngakhale simunaphunzire zamagetsi. Kodi chipangizochi chinapangidwira kuulutsa osapuma, kapena ndi cha m'galimoto? Mwachitchera pa ma watt angati? Batire ingapirire masiku angati kopanda dzuwa? Chikafa adziwe ndani, ndipo akonze ndani? Chiphaso chake chili kuti? Wobweretsa chipangizo akalephera kuyankha mafunso asanu amenewa, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Kwa mabungwe othandiza ndi makhonsolo, pempho langa ndi lakuti pamalo pamene miyoyo ya anthu ambiri idzadalira repeater, monga m'madera osefukira madzi a ku chigwa cha Shire, ku Phalombe ndi ku Karonga, mugule yeniyeni imene wopanga wake walemba poyera kuti imaulutsa osapuma, ndipo muone kuti walemba zimenezo pa ma watt angati. Muike padera ndalama yokonzera ndi yophunzitsira achinyamata a m'deralo. Wailesi ya m'galimoto ikhale yodikirira pangozi ya maola ochepa, kapena yophunzirira ana a sukulu za ntchito zamanja, pamene ikapsa palibe amene ataye moyo.

Nyengo ya anamondwe m'chigawo chino cha Africa imayamba mu Novembala n'kutha cha mu Epulo. Miyezi ya chilimwe ndiyo nthawi yokwera phiri, kutsegula bokosi, kupukuta fumbi, kuyeza batire ndi kugwira zipsepse ndi dzanja wailesi itaulutsa theka la ola. Ngati dzanja likulephera kupirira, tsitsani mphamvu ndi kuonjezera fani mvula isanagwe, chifukwa madzi akatayika saoleka.